Anyamata a tenesi odzera ku koleji ku America: njira yochedwa koma yofikitsa

Pa 13 July 2018 anthu awiri ataliatali ngati milongoti anathambitsana pa Wimbledon kwa maola 6 ndi mphindi 36, John Isner waku America ndi Kevin Anderson wobadwira ku Johannesburg. Inali semifainolo, seti yomaliza inathera 26-24 ndipo anapambana ndi Anderson. Ambiri amangokumbukira kutalika kwa geimuyo basi, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi china. Awiriwa anali atakumanapo kale mu 2007 ali ana asukulu, Isner akusewerera University of Georgia, Anderson akusewerera Illinois, mu fainolo ya matimu a makoleji, ndipo tsiku limenelo anawina anali Isner. Panadutsa zaka 11 kuti adzafike pachimake, wina ali ndi zaka 33 wina 32, msinkhu umene kale anthu ankati wosewera tenesi watha ntchito. Chaka chomwecho Anderson anafika pa nambala 5 padziko lonse, Isner pa nambala 8.

Ndiye funso limene makolo ndi makochi amakanganirana mpaka lero ndi lakuti, mwana wa zaka 18 amene akumenya bwino mpira, apite ku koleji kaye kapena alowe pompo mu tenesi ya ndalama? Kuti yankho limveke tiyenera kuyambira ku thumba, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Tenesi si ngati mpira wamiyendo kuti timu yakusayina ndiye ikulipira pamwezi, basi ya timu ikunyamula, dokotala alipo. Ayi. Mu tenesi ya ndalama munthu umakhala wekha ngati kabizinesi. Tikiti ya ndege ndi yako, hotelo ndi yako, kochi ngati ukumufuna umamulipira wekha komanso kumugulira tikiti yake, zingwe za raketi zikaduka ndiwe. Ndipo makwerero ake ndi atali. Pansi penipeni pali timipikisano ta ITF, bungwe la tenesi la padziko lonse, totchedwa M15 ndi M25, mainawo anachokera ku ndalama zonse za mpikisanowo, madola 15,000 ndi 25,000 pa nthawi imene ankawatcha mainawo, ndipo ndalamazo amagawana anthu onse amene alowa, ndiye ngakhale amene watenga chikho amangotsala ndi kangachepe, wotuluka mu geimu yoyamba ndiye amabwerera ndi ngongole. Pamwamba pake pali ma Challenger, kenako ATP yeniyeni, mipikisano ikuluikulu ya amuna ya 250, 500 ndi Masters 1000, pomaliza ma Grand Slam anayi aja, Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open. Munthu amayamba kupuma bwinobwino akayandikira anthu 100 oyambirira padziko, chifukwa pamenepo ndi pomwe umalowa ma Grand Slam osadzera mu ndime yachipulula. Kufika pamenepo ambiri zimawatengera zaka, ndipo zaka zimenezo ndi za kudya ndalama za makolo kapena za bungwe la tenesi la dziko lako, ngati lili nazo.

Apa ndi pamene koleji imalowera. Chimene yunivesite imapatsa mnyamata kwenikweni ndi nthawi, zaka zinayi zoti thupi likhwime, mutu ukhazikike, wina akulipira bilu. Ali ndi makochi awiri kapena atatu, jimu, wophunzitsa mphamvu, wosamalira akavulala, mabwalo apanja ndi amkati, mipira, maraketi, maulendo, komanso anzake ochita nawo pulakatisi tsiku lililonse amene ali pa mulingo wake. Zinthu zimenezi akanati azilipira yekha bwenzi banja litagulitsa nyumba.

Dongosolo lake lili chonchi. Bungwe lalikulu loyang'anira masewero m'makoleji ndi NCAA, ndipo lili ndi magawo atatu, Division I, II ndi III. Kunja kwake kuli NAIA komanso makoleji a zaka ziwiri. Amene amadzafika pa TV pafupifupi onse amachokera ku Division I. Chaka chimagawika pawiri, miyezi ya kumapeto kwa chaka aliyense amasewera mipikisano ya payekha, kenako kuyambira January mpaka May ndi nyengo ya matimu imene imathera mu mpikisano wa matimu 64. Pa zikho za matimu yunivesite ya USC ndi imene ili patsogolo ndi 21, Stanford 17, UCLA 16, onse aku California, koma zaka za posachedwapa mphamvu zasamuka, Virginia inatenga zikho 6 pakati pa 2013 ndi 2023, TCU inatenga mu 2024, Wake Forest mu 2018 ndi 2025.

Kaseweredwe kake ndi kamene ndimafuna anthu akamvetse chifukwa ndi kosiyana kwambiri ndi tenesi ya pa TV ija yomwe wosewera mpira akamaponya sevu bwalo lonse limangoti zii. Matimu awiri akakumana pamakhala mapointi 7. Amayamba ndi ma doubles atatu, osewera awiriawiri, nthawi imodzi, seti imodzi yokha, timu imene yawina awiri mwa atatuwo imatenga pointi imodzi. Kenako ma singles 6 onse nthawi imodzi pa mabwalo oyandikana, kuyambira nambala 1 wa timu mpaka nambala 6, aliyense ndi pointi imodzi. Timu yoyamba kufika pa 4 yapambana, ndipo m'mipikisano ikuluikulu ikangofika 4 ma geimu otsalawo amawasiyira pomwepo, olo munthu anatsala ndi mpira umodzi kuti awine. Zikafika pa deuce, pamene onse ali pa 40-40, kulibe zokokana, mpira wotsatira ndi womwe umagamula. Sevu ikakhudza neti nkugwera mkati kwa anyamata a Division I siibwerezedwa, mumapitiriza. Nthawi zambiri osewera amagamula okha ngati mpira wagwera kunja mbali yawo, ndiye mikangano siisowa. Kochi amaloledwa kukhala pabwalo pomwepo nkumalankhula nawe. Ndipo masapota amakuwa, ana asukulu anzako kapena a timu inayo akukutchula dzina, akukunyogodola, phokoso ngati la pa mpira.

Tangoganizani zili 3-3, mabwalo ena onse atha, anzako onse aima m'mbali mwa bwalo lako atagwirana m'mapewa, timu inayo chimodzimodzi, ndipo iwe ndiwe nambala 5 wa zaka 18 amene zonse zatsalira pa iwe. Ukaluza sunadziluzire wekha, waluzitsa anthu amene ukadye nawo madzulo. Mtima umene umakula pamenepo palibe kochi amene angakuphunzitse pa pulakatisi. Ben Shelton anadutsa mu zofanana ndi zimenezi mu 2021, ali chaka choyamba ku Florida akusewera pa nambala 5, iye ndi amene anawina pointi imene inapatsa Florida chikho choyamba cha NCAA pamene anagonjetsa Baylor, kochi wa timuyo ali bambo ake omubereka, Bryan Shelton.

Nkhani ya Shelton ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa ndi imene yasintha maganizo a anthu ambiri. Ali mwana ankakonda mpira wachimereka uja wovala zipewa, tenesi anaiyamba mwamphamvu mochedwa, ndipo sanayendeyende m'maiko mu mipikisano ya ana ngati anzake. Chaka chachiwiri ku Florida, mu 2022, anatenga chikho cha NCAA cha singles. Mu August chaka chomwecho anagonjetsa Casper Ruud ku Cincinnati, nkulengeza kuti akusiya timu ya sukulu, kumapeto kwa chaka anawina ma Challenger atatu motsatizana nkulowa mu 100 oyambirira. Ulendo wake wopita ku Australian Open mu January 2023 unali woyamba kutuluka mu America, ndipo anakafika mu kotafainolo. September wake anali mu semifainolo ya US Open. Mu 2025 anatenga chikho cha Masters 1000 ku Toronto. Bambo ake anasiya ntchito ku Florida mu 2023 kuti aziyenda naye. Mnyamata ameneyu akanalumpha koleji nkudalira M15 ali ndi zaka 18 ndikukhulupirira akanasochera m'gulu, chifukwa nthawi imeneyo anali asanapse.

Komatu zimenezi si zachilendo, zinangobwerera. Kale koleji inali njira ya aliyense ku America. Arthur Ashe anatenga chikho cha NCAA mu 1965 ali ku UCLA, nkudzawina US Open mu 1968 ndi Wimbledon mu 1975. Jimmy Connors anatenga cha NCAA mu 1971 ku UCLA komweko. John McEnroe anafika semifainolo ya Wimbledon mu 1977 ali ndi zaka 18, komabe anapita ku Stanford nkutenga chikho cha NCAA mu 1978 asanalowe mu ndalama. Zinthu zinatembenuka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamene achinyamata anayamba kuwina zikuluzikulu akadali ana, Boris Becker Wimbledon ali ndi zaka 17 mu 1985, Michael Chang French Open ali ndi zaka 17 mu 1989, Pete Sampras US Open ali ndi zaka 19 mu 1990. Agassi, Courier, pambuyo pake Roddick, onsewa ku koleji sanapondeko. Anthu anayamba kuona ngati wopita ku koleji ndi amene wavomereza kuti sangafike. Chimene chinabweza zinthu ndi chakuti tenesi inasanduka ya mphamvu kwambiri, zingwe zatsopano, mabwalo ochedwerapo, mipira yokokana nthawi yaitali, ndiye thupi la mwana wa zaka 18 nthawi zambiri silingapirire ndi la munthu wa zaka 27 amene wakhala mu jimu zaka khumi. Osewera anayambanso kukhalitsa mpaka kupitirira zaka 30. Kutuluka ku koleji uli ndi zaka 22 sikunakhalenso kuchedwa.

Ndinene chilungamo pano, chifukwa ena akamaikonda njira imeneyi amakokomeza. Kuyambira pomwe McEnroe anawina US Open mu 1984 mpaka 2025, palibe mwamuna wodzera ku koleji amene anatenganso Grand Slam ya singles. Ofika mu fainolo alipo, Kevin Curren waku South Africa amene anali ku Texas, Mikael Pernfors waku Sweden amene anali ku Georgia, Todd Martin, MaliVai Washington, ndi Anderson kawiri, koma chikho ayi. Munthu ngati Carlos Alcaraz amene anawina US Open ali ndi zaka 19 analibe chokachita ku koleji. Ndiye koleji si ya ana odabwitsa aja obadwa kamodzi pa zaka khumi, ndi ya gulu lotsatira, amene luso ali nalo koma akufunika nthawi, ndipo gulu limenelo ndi lalikulu kwambiri.

Komanso kukhala dolo ku koleji sikutanthauza kuti ukakhala dolo kunjako. Amene anagonjetsa Isner mu fainolo ya singles ya NCAA mu 2007 anali Somdev Devvarman waku India, wa ku Virginia, amene anatenganso chikhocho mu 2008. Devvarman anali wothamanga, wosaphonya, anadzawina golide pa Commonwealth Games mu 2010, koma pa ATP anathera pa nambala 62 pamene Isner amene anagonja uja anakhala zaka zambiri mu 20 oyambirira chifukwa cha sevu yake yochokera kumwamba, munthu wotalika mamita 2.08. Steve Johnson waku USC anamaliza koleji atawina ma geimu 72 motsatizana, zikho ziwiri za singles mu 2011 ndi 2012 komanso zinayi za timu, mwina palibe anachitapo zoposa pamenepo, koma kunjako anafika pa nambala 21, zomwe ndi zazikulu ndithu koma si zimene manambala aku kolejiwo ankalonjeza. Ku koleji umatha kuwina pongobweza mpira mpaka mnzako alakwitse. Pa ATP aliyense amabweza, ndiye pamafunika chida chimodzi chimene chimapweteka, sevu kapena forehand, ndipo makochi abwino aku koleji ndi amene amalola mwana kuluza ma geimu angapo akumanga chida chimenecho m'malo mongomuuza kuti sewera zotetezeka timu ipeze pointi. Apa pali kukokana kwenikweni, chifukwa kochi ntchito yake imatetezedwa ndi zotsatira za timu osati ndi tsogolo la mnyamata m'modzi.

Mbali ina imene anthu saiona ndi ya doubles. Poti ku koleji geimu iliyonse imayamba ndi doubles, anyamata amaiphunzira mozama pamene anzawo a ku ITF amangoisewera pofuna kandalama kowonjezera. Mapasa aja Bob ndi Mike Bryan anachokera ku Stanford nkudzawina ma Grand Slam 16 ali limodzi. Rajeev Ram anali ku Illinois, Joe Salisbury ku Memphis, Neal Skupski ku LSU, Austin Krajicek ku Texas A&M, onsewa anafikapo pa nambala 1 padziko mu doubles. Kwathu kuno kummwera kwa Africa chitsanzo chili pafupi, ana a Don Black aku Harare amene anakulira pa mabwalo a udzu omwe bambo awo anakonza pakhomo. Byron ndi Wayne onse anapita ku USC, Byron anafika pa nambala 1 mu doubles mu 1994, Wayne anawina US Open ya 2001 ndi Australian Open ya 2005 ndi Kevin Ullyett, ndipo abale awiriwa ndi amene anagwetsa Australia kwawo komwe mu Davis Cup, mpikisano wa matimu a maiko, ya 1998. Benjamin Lock amene wakhala akunyamula timu ya Zimbabwe zaka izi anadzera ku Florida State.

Zimenezi zikutifikitsa pa nkhani ya alendo. Mu Division I ya anyamata opitirira theka ndi ochokera kunja kwa America, ndipo makolo achimereka ena amadandaula kuti ana awo akulandidwa malo. Chifukwa chake nchosavuta, ku Europe, South America ndi Africa kulibe dongosolo lophatikiza yunivesite ndi masewero a mulingo umenewu, ndiye mnyamata waku Portugal kapena Argentina amene sanakonzeke kulowa mu ndalama alibe kwina kopita. Makochi amawapeza kudzera pa mndandanda wa ITF wa ana, ma video, ndi UTR, muyezo umene umapatsa wosewera aliyense nambala kuyambira 1 mpaka 16.5 potengera amene wasewera nawo ndi momwe zinathera. Koma tenesi yokha siikwanira, magiredi aku sekondale ayenera kuvomerezedwa ndi NCAA, chizungu chiyenera kukhala bwino, ndipo pali lamulo lina limene lagwetsa ambiri, lakuti ukamaliza sekondale uli ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha, ukapitiriza kusewera mipikisano kupyola pamenepo usanalembetse umayamba kudyeredwa nthawi yako yosewera. Ndiye zoti ndiyese kaye ndalama zaka ziwiri zikakanika ndipita ku sukulu sizimayenda mophweka choncho.

Za sikolashipu nazonso anthu amanamizana. Kwa zaka zambiri timu ya anyamata ya Division I inkaloledwa masikolashipu 4.5 okha ogawana timu yonse, pamene atsikana anali ndi 8, chifukwa cha lamulo la Title IX lofuna kuti mwayi wa amuna ndi akazi ufanane, ndipo mpira wachimereka umadya malo ambiri a amuna. Ndiye ambiri ankalandira theka kapena kotala, zotsalazo banja lilipire kapena apeze thandizo la magiredi. Division III ndi sukulu za Ivy League ngati Harvard sizipereka nkomwe sikolashipu ya masewero, ngakhale James Blake anadzera ku Harvard komweko nkufika pa nambala 4 mu 2006. Kuyambira 2025 malamulo asintha potsatira mlandu wa House umene osewera anasumira NCAA ku khoti, sukulu zimene zalowa mu dongosolo latsopano zilibenso malire a 4.5 aja koma zili ndi malire a chiwerengero cha osewera, komabe sukulu kuloledwa kupereka sindiye kuti ili nazo ndalamazo. Tenesi siibweretsa ndalama ku yunivesite, ndipo zikavuta imakhala yoyamba kudulidwa, monga zinachitikira nthawi ya Covid pamene Iowa ndi Minnesota anathetsa matimu awo a anyamata. Zimandiwawa ndikaganiza za mwana amene anawoloka nyanja chifukwa cha timu nkudzauzidwa pakati pa digiri kuti timuyo kulibenso. Kuyambira 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, kutsatsa malonda ndi zina, koma alendo ambiri zimawavuta chifukwa viza ya mwana wasukulu siilola kugwira ntchito mwachisawawa.

Moyo wa tsiku ndi tsiku si wofewa. Lamulo limati maola 20 pa sabata a masewero mu nyengo ya mipikisano ndi tsiku limodzi lopuma, koma maulendo ndi zina zambiri siziwerengedwa m'maola amenewo, ndiye munthu amadzuka mbandakucha kupita ku jimu, m'kalasi m'mawa wonse, pabwalo masana, madzulo mabuku, Lachisanu ali pa ndege Lolemba mayeso. Magiredi akatsika susewera. Cameron Norrie, wobadwira ku Johannesburg, wokulira ku New Zealand, wosewerera Britain, wakhala akunena poyera kuti atafika ku TCU ankakonda zosangalala mpaka anachita ngozi pa kanjinga kamoto, ndipo pamenepo ndi pomwe anasintha. Anatuluka mu 2017 ali nambala 1 wa makoleji onse, anatenga mnzake wa mu timu Facundo Lugones kukhala kochi wake, nkudzawina Indian Wells mu 2021 ndi kufika semifainolo ya Wimbledon mu 2022. Jacob Fearnley anatuluka ku TCU komweko mu 2024 ndi chikho cha timu, patangotha masabata ochepa anali pa Centre Court ya Wimbledon akulanda Novak Djokovic seti.

Akuluakulu a tenesi nawonso anazindikira. Kuyambira 2023 ATP inayamba kupatsa anyamata 20 apamwamba pa mndandanda wa makoleji malo mu ma Challenger, kuti asayambirenso pansi penipeni akamaliza sukulu. Ambiri masiku ano amasewera mipikisano ya ndalama pa tchuthi akadali pa sukulu nkumasonkhanitsa mapointi, ngakhale nkhani ya ndalama zimene awina yakhala yokangana mpaka ku khoti, poti lamulo la NCAA kwa nthawi yaitali limangowalola kutenga zokwanira kubweza zimene awononga pa ulendo. Ena amangokhala miyezi yochepa ngati Learner Tien ku USC kapena Brandon Nakashima ku Virginia, ena amamaliza zaka zonse zinayi ngati Nuno Borges waku Portugal amene anali ku Mississippi State nkudzagonjetsa Nadal mu fainolo ku Bastad mu 2024.

Nanga ena onsewo, amene ndi ochuluka zedi, amathera kuti? Ambiri akasewera geimu yomaliza mu April kapena May wa chaka chachinayi, tenesi ya mpikisano yathera pomwepo. Ena amayesa chaka chimodzi kapena ziwiri mu M15 ndalama nkuwathera. Ena amakhala makochi, m'makoleji momwemo kapena m'makalabu, ena amatenga digiri ija nkulowa ntchito za mabanki, zamalamulo, zachipatala, ena amabwerera kwawo kukasewerera dziko mu Davis Cup nkumaphunzitsa ana. Ine apa ndi pamene ndimaona kulemera kwa njira imeneyi, chifukwa mnzawo amene anasiya sukulu ali ndi zaka 16 nkuthera pa nambala 600 amafika zaka 25 ali ndi bondo lopweteka opanda pepala lililonse m'manja.

Ndipo ena amangokakamirabe. Valentin Vacherot waku Monaco ndi msuweni wake Arthur Rinderknech waku France anasewerera limodzi Texas A&M. Vacherot atatuluka anakhala zaka akuzungulira mu timipikisano ting'onoting'ono ndi ma Challenger, anthu osamudziwa. Mu October 2025 anapita ku Shanghai ali pa nambala 204, asali nkomwe pa mndandanda wa ndime yachipulula, anangolowa chifukwa ena anatuluka. Anawina geimu ndi geimu mpaka kugonjetsa Djokovic mu semifainolo, ndipo mu fainolo anakumana ndi msuweni wake yemwe uja nkumugonjetsa. Palibe munthu wotsika choncho pa mndandanda amene anawinapo Masters 1000, ndipo ndalama za masabata awiri amenewo zinaposa zonse zimene anali atapeza chiyambireni. Anali ndi zaka 26.